Luso muli nalo, nanga akupezani bwanji?

Nkhani yathu ya lero ikukhudza kapepala kosadzaza n'chikhatho chomwe, koma musaipeputse. Pa zaka zomwe ndakhala ndikumva madandaulo a m'mabanja, ndaona kuti mikangano yambiri ya achinyamata imayambira m'dengu la ufa. Ufa ukatha mawu okoma amathanso, ndipo ankhoswe amayamba kuyenda ndi usiku.

Mwa makalata omwe ndalandira muli ina yochokera kwa mayi wachitsikana wa kwa Mphuka m'boma la Thyolo. Akuti amuna ake anaphunzira ntchito ya upulambala, zipangizo anagula, manja ali nawo abwino, koma mwezi umatha atangogwira ntchito imodzi kapena ziwiri. Pakhomo akudalira ndalama zomwe mayiyu amapeza pothyola tiyi kuesiteti, zomwenso zimachepa mvula ikangosiya. Mnzawo wina anawalangiza kuti apangitse makhadi a bizinesi, ndiye funso lake n'lakuti, kodi kumeneku si kutaya ndalama, poti kumudzi aliyense amadziwana?

Yankho langa mwanawe n'lakuti apangitse ndithu. Ndipo poti nkhaniyi ikukhudza mabanja ambiri a amisiri, ndiitambasula kuti aliyense atolepo kanthu.

Okudziwani alibe mipope

N'zoona kumudzi mumadziwana. Koma tadzifunsani, mwa anthu amene amadziwa amuna anu, ndi angati ali ndi sinki, shawa kapena chimbudzi chamadzi m'nyumba? Ambiri amatunga pamjigo, pachitsime kapena pampopi wa m'mudzi. Amene ali ndi mipope m'nyumba ndi aphunzitsi, anamwino, apolisi, abusa, makalaliki a m'maesiteti ndi eni malo ogona alendo. Ambiri a iwowa ndi obwera, lero ali pano, chaka chamawa asamutsidwa. Sadziwa kuti amuna anu ndi mwana wa yani. Paipi ikaphulika m'bandakucha amathamangira kwa mlonda kapena woyandikana naye n'kufunsa kuti, "Kodi kuno kuli pulambala?" Amene nambala yake ili pafupi ndiye amadya tsiku limenelo.

Zimenezi ndinaziona ndi maso anga pamene ndinkagwira ntchito pachipatala china chakumudzi. Paipi ya m'chipinda chochilira amayi inaphulika pakati pa usiku. Pulambala wa m'deralo tonse tinkamudziwa nkhope, mkazi wake ankabwera ndi mwana kusikelo, koma panalibe ngakhale mmodzi amene anali ndi nambala yake. Tinachezera kukolopa mpaka kucha, ndipo m'mawa ntchito inapita kwa munthu wina wochokera kutali amene anasiya kakhadi kake muofesi miyezi ingapo m'mbuyomo.

Choncho musangoyang'ana kwa Mphuka kokha. Ntchito ili paboma pa Thyolo, ku Luchenza, ku Bvumbwe, ku Makwasa komwe kuli chipatala cha Malamulo, mpaka ku Thekerani. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'bomali, ndipo nyumba zatsopano zikumangidwa, zina ndi ndalama zochokera ku Joni. Maesiteti akuluakulu nthawi zambiri amakhala ndi amisiri awoawo, koma ogwira ntchito ku Satemwa, Makandi, Conforzi kapena Naming'omba akamamanga nyumba zawo zodzapumiramo, amafuna pulambala wapadera. Anthu onsewa simungawapeze ndi pakamwa pokha.

Zolemba pakhadi

Khadi labwino limakhala lofanana kukula ndi chiphaso cha unzika, pafupifupi mamilimita 85 m'litali ndi 55 m'lifupi, kuti lizilowa m'kachikwama ka ndalama kapena kuseri kwa kava ya foni. Malo ndi ochepa, ndiye musalidzaze ngati minibasi ya ku Limbe. Munthu akaliyang'ana kamodzi adziwe zinthu zinayi: ndinu ndani, mumachita chiyani, muli kuti, ndipo akuimbireni pa nambala iti.

Dzina likhale lenileni, lomwe lili pachiphaso. Ngati muli ndi dzina lina lomwe anthu anakuzolowerani nalo, lilembeni pansi pake. Chifukwa chake n'chakuti masiku ano ambiri amalipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo potumiza ndalama pafoni pamatuluka dzina la mwini nambala. Pakatuluka dzina losiyana ndi la pakhadi, kasitomala amaganiza kuti wagwa m'manja mwa akamberembere, n'kusiya.

Ntchito ilembedwe m'chilankhulo cha eni mipope. Mawu akuti "pulambala" akhale aakulu, kenaka mizere itatu kapena inayi yonena zomwe mumachita: kuika ndi kukonza mipope, masinki, mashawa, zimbudzi zamadzi, mathanki, kutsegula mapaipi otsekeka. Ngati mukufuna ntchito za m'maofesi ndi m'sukulu, onjezani kamzere kamodzi kachingerezi, koma Chichewa chisasowepo. Gogo amene akusunga nyumba ya mwana wake wa ku Joni ndiye aziimba foni, osati mwanayo.

Malo lembani odziwika, monga dzina la msika, sukulu kapena siteji yomwe muli nayo pafupi, komanso madera omwe mumafika. Khomo lanu lenileni musalilembe. Zipangizo za upulambala n'zodula, ndipo khadi limagwa m'manja mwa aliyense.

Nambala ya foni ndiyo mtima wa khadi. Ilembedwe ndi zilembo zazikulu kuposa zonse, ndipo manambala khumi aja agawidwe m'magulu, anayi kenaka atatu ndi atatu, kuti diso lisasochere. Ngati n'kotheka pakhale manambala awiri, ya Airtel ndi ya TNM, chifukwa m'madera a mapiri ngati kwa Mphuka netiweki ina imagwira pamene ina yakana. Sonyezani nambala yomwe ili pa WhatsApp, poti kasitomala akhoza kujambula pomwe pawonongeka n'kukutumizirani, inu n'kunyamuka mutadziwiratu chotenga. Onetsetsaninso kuti nambalayo inalembetsedwa m'dzina lanu. Kuyambira mu 2018 manambala a foni amalembetsedwa ndi chiphaso, ndipo foni ikabedwa, mwini wake weniweni ndiye angaitenganso nambala yomweyo. Mukagwiritsa ntchito laini ya mlamu wanu, tsiku lomwe mudzayambane makhadi onse adzasanduka zinyalala.

Pano ndilankhule ngati namwino. Munthu akapyola zaka 40 maso amayamba kuvutika kuwerenga tizilembo ting'onoting'ono tapafupi, ndipo eni nyumba ambiri ndi a msinkhu umenewo. Enanso aziwerenga khadilo usiku ndi tochi ya foni, madzi ali m'miyendo. Zilembo zakuda papepala loyera sizinanamizepo munthu. Zilembo zopotanapotana, mitundu isanu, ndi zithunzi za mabafa a kunja zotengedwa pa intaneti, zonsezi zisiyeni. Kachithunzi kamodzi ka mpopi kapena sipanala n'kokwanira, ndipo kamathandiza ngakhale amene sadziwa kuwerenga.

Kuseri kwa khadi musakutaye. Mukhoza kulembako malangizo amodzi othandiza, monga akuti, paipi ikaphulika tsekani kaye madzi pafupi ndi mita kenaka muimbe foni. Khadi lotere munthu salitaya, amalikhoma pakhoma. Kapena siyani mizere itatu yopanda kanthu yolembapo tsiku, mtengo womwe mwagwirizana ndi ndalama yomwe mwalandira. Mitengo yokha musaisindikize. Tonse tikukumbuka kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo mitengo ya mapaipi inasintha sabata yomweyo. Wosindikiza mtengo amadzimanga yekha.

Khadi ndi lonjezo

Apa ndiye pagona nkhani. Chilichonse cholembedwa pakhadi ndi lonjezo, ndipo anthu adzakufunsani. Mukalemba kuti mumapezeka usana ndi usiku, foni ya 2 koloko m'bandakucha muiyankhe. Ngati simungathe, lembani maola omwe mumagwira. Musadzitche injiniya pamene simuli. Ngati muli ndi satifiketi ya trade test kapena ya TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, lembani giredi yomwe munafika, osawonjezera. Amene munaphunzirira pantchito musachite manyazi, lembani zomwe mumatha, kenaka mukafunse ku TEVETA za njira yoyesedwera kuti mupeze pepala. Safunsa anadya phula.

Chizindikiro cha Southern Region Water Board kapena cha bungwe lina lililonse musachiike pakhadi lanu, pokhapokha atakulolani polemba. Mita ndi mapaipi obweretsa madzi kufika pa mitayo ndi za bungwe la madzi. Ntchito yanu imayambira kupyola mita kulowa m'nyumba. Wina akakunyengererani kuti mumulumikizire madzi mozemba, kanani. Akadzagwidwa, chinthu choyamba chomwe adzatulutse m'thumba ndi khadi lanu lomwelo. Ndipo mukafuna kugwiritsa ntchito dzina la bizinesi, lilembetseni kuboma monga lamulo la Business Registration Act la mu 2012 likunenera. Sukulu ndi maofesi ambiri sapereka ntchito kwa munthu wopanda mapepala amenewa.

Mwina mukudabwa kuti namwino wopuma zamipope zikumukhudza bwanji. Ana anga, madzi ndi moyo, koma madzi omwewo ndi imfa akasakanikirana ndi zonyansa. Mliri wa kolera womwe unayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023 unagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700 m'dziko muno. Pakati pa mliriwo, mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy anakokolola mapaipi, zitsime ndi zimbudzi m'maboma a kummwera kuphatikizapo Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Blantyre. Amene tinasamalirapo wodwala kolera tikudziwa momwe munthu wamphamvu amafotera m'maola ochepa chabe.

Paipi yothonya siimangotaya madzi. Madzi akasiya kutuluka, mpweya umakoka zomwe zili kunja kulowa pomwe pang'ambikapo, ndiye ngati paipiyo yadutsa m'ngalande kapena pafupi ndi chimbudzi, madzi akabwera mumamwera pamodzi ndi zonyansazo. Dzenje la chimbudzi kapena la sepitiki thanki liyenera kukhala mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime, ndipo m'dera lotsetsereka likhale kumunsi kwa chitsimecho. Kapaipi kokhota ka pansi pa sinki kali ndi ntchito, kamasunga madzi otchinga fungo ndi tizilombo kuti tisakwere m'nyumba. Thanki yopanda chivindikiro imalowa makoswe ndi abuluzi, imaswanitsanso udzudzu. Pulambala amene amadziwa zimenezi n'kumazitsata ndi mnzathu wa ife azaumoyo. Amene wasindikiza khadi lokongola koma amamanga paipi ndi labala ya njinga, akugawa matenda ndipo wasainira dzina lake. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Khadi ndi mlomo umene mumausiya pakhomo lililonse.

Kukapulintitsa

Malo opulintira alipo paboma, ku Luchenza ndi ku Limbe. Musananyamuke khalani pansi awiri, mulembe papepala momwe mukufunira khadilo, kenaka mupatse munthu wachikulire awerenge. Akapsinya maso, kuzani zilembo. Mutu umodzi susenza denga.

Papepala limodzi la A4 pamatuluka makhadi 10, ndiye mapepala 10 akupatsani makhadi 100, omwe ndi okwanira poyambira. Pemphani pepala lolimba lokhala ngati katoni, ena amalitchula kuti 300 gsm, osati lofewa la fotokope. Funsaninso za inki. Makina ena inki yake imasungunuka ikangokhudza madzi, pamene manja a pulambala sauma, ndipo chiperoni cha ku Thyolo mukuchidziwa. Uzani wopulintayo akutulutsireni pepala limodzi loyesera, mudonthezepo madzi muone. Kenaka tengani foni ina, muimbe nambala yomwe yalembedwapo mukuwerenga imodziimodzi. Foni yanu ikalira ndiye mulole kuti apulinte onse. Nambala imodzi yolakwika ndi ndalama zonse zapita. Pomaliza akutumizireni chithunzi cha khadilo pafoni kuti mudzapulintitsenso kwina kulikonse, komanso muzichiika pa WhatsApp.

Ngati ndalama yopulintitsira palibe, musakhale chete. Pangitsani chidindo chokhala ndi dzina, ntchito ndi nambala, muzidinda pa timapepala tolimba todula bwino. Chidindo chomwecho chidzakuthandizani pa malisiti. Ngakhale kulemba pamanja ndi bolopeni mwaukhondo kuli bwino kusiyana n'kudikira.

Makhadi asagone m'sutikesi

Ndaonapo anyamata atapulintitsa makhadi okongola n'kuwasunga m'sutikesi pamodzi ndi satifiketi ya ukwati. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Komanso kumwaza makhadi pamsika ngati chimanga cha nkhuku n'kutaya. Apatseni anthu amene amafunsidwa za pulambala: ogulitsa mapaipi ndi simenti m'mahadiweya, amisiri omanga nyumba, akalipentala, amagetsi, mahedimasitala, oyang'anira zipatala zing'onozing'ono, makomiti a madzi a m'midzi, alonda a pageti, ndi anyamata a kabaza amene amadziwa khomo lililonse lomwe pakumangidwa nyumba. Womanga nyumba mmodzi amene wakukhulupirirani akhoza kukudyetsani chaka chonse. Nanunso tengani nambala zawo muziwapezera ntchito, chifukwa kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana.

Mukamaliza ntchito siyani makhadi awiri, lina la mwini nyumba lina la mnzake, ndipo pemphani kuti limodzi mulimate pafupi ndi sinki kapena kuseri kwa chitseko. Perekani khadi ndi manja awiri, loyera, losapindika. Muziwasunga m'kapulasitiki kuti asade ndi girizi. Pamaliro pokha ndiye ayi, ulemu uzitsogola.

Dziwaninso nyengo. Kuyambira Disembala mpaka Epulo tiyi amachuluka, ndalama imayenda m'dera, komanso mvula imatsekereza ngalande ndi kudzaza maenje. M'chilimwe ndi pamene anthu amamanga. Makhadi akhale atafika kale m'manja mwa omanga nyumba mvula isanathe.

Foni isaphe banja

Tsopano ndilankhule ndi inu amayi. Khadi likayamba kugwira ntchito, foni ya amuna anu iyamba kulira, ndipo ambiri oimba adzakhala amayi anzanu, poti ndiwo amakhala ndi madzi tsiku lonse. Ena adzaimba usiku. Ngati simunakambirane, khadi lomwe munalimbikitsa nokha lidzabweretsa nsanje m'nyumba. Gwirizanani kuyambira pachiyambi kuti foni yantchito ilibe chinsinsi, ikhoza kuyankhidwa ndi aliyense wa inu awiri. Mabanja ena amaika nambala ya mayi ngati yachiwiri pakhadi, ndipo zimathandiza, chifukwa bambo akakhala padenga kapena m'dzenje sangayankhe. Koma mukayankha, yankhani ngati mwini bizinesi. Perekani moni, funsani dzina, malo ndi vuto, mulembe m'kope. Funso lakuti "Ndinu ndani, mukuwafuniranji amuna anga?" lathamangitsa makasitomala ambiri.

Inunso abambo, khalani oyenera kukhulupiriridwa. Khadi limakulowetsani m'mabafa ndi kuzipinda za eni ake, malo amene ngakhale abale salowa. Maso akhale pa paipi. Nenani kunyumba komwe mukupita ndi nthawi yobwerera. Foni yantchito musaiyankhire kumowa, ndipo musaisiyire ana kuti aziseweretsa mpaka batire kutha. Ndalama ikabwera ilembedwe m'kope lomwelo, mupatule yogulira zipangizo ndi makhadi ena musanagawe yapakhomo. Ndipo zonsezi zikukhudzanso mabanja omwe pulambala ndi mayi, poti masiku ano atsikana akuphunzira ntchitoyi. Bambo wanzeru amamunyamulira mkazi wake makhadi, samubisira foni.

Mawu kwa makolo

Inu makolo amene mwana wanu wamaliza maphunziro a ntchito zamanja, kaya ku Soche ku Limbe, ku Nasawa ku Zomba kapena kwa mmisiri wa m'mudzi, musamangomufunsa kuti alembedwa liti ntchito. Muthandizeni ndi sipanala, mulipirireni makhadi 100 oyamba, ndipo ena muyende nawo nokha kutchalitchi, kumzikiti ndi kubanki mkhonde. Mawu a kholo lodziwika ndi makhalidwe abwino amalemera kuposa pepala.

Mukakhala kuti ndinu olandira khadi, kumbukirani kuti aliyense akhoza kupulintitsa, ngakhale wakuba. Funsani komwe munthuyo anagwirapo ntchito, muimbire mmodzi kapena awiri mumve. Onani ngati dzina la pakhadi likufanana ndi la pachiphaso. Musapereke ndalama zonse ntchito isanayambe, zipangizo mukagulire limodzi kapena akubweretsereni lisiti, ndipo musasiye ana okha m'nyumba ndi munthu amene simukumudziwa. Akagwira bwino, mulipireni pa nthawi yake ndipo khadi lake mupatsireko mnzanu. Kumeneko ndiye kulera mwana wa mnzako.

Kakhadi n'kotsika mtengo kuposa sipanala imodzi, koma dzina lolembedwapo ndi chuma chokhacho chimene simungakagule ku Limbe chikawonongeka. Lembani zoona, lembani zooneka, yankhani foni, fikani pa nthawi yomwe mwanena, ndipo madzi a eni ake muwasiye aukhondo. Zotsalazo anthu adzakulengezerani okha.

Pitirizani kulemba makalata, ana anga. Tikumanenso Lamulungu likudzali.